Kuyambitsa nkhokwe ya chakudya m'dera lanu: poyambira pake ndi mmene mungaisamalire kuti isafe

Chakudya chimatayidwa tsiku lililonse pamene anthu ena akugona ndi njala, ndipo nthawi zambiri ziwirizi zimachitikira m'dera limodzi. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, linawerengera kuti mu 2022 zakudya zokwana matani 1.05 biliyoni, kuphatikizapo makoko ndi mafupa, zinatayidwa m'makomo, m'malo odyera ndi m'masitolo. Chaka chotsatira, malinga ndi FAO (bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi) ndi mabungwe anzake, anthu pafupifupi 733 miliyoni anali pa njala. Ntchito ya nkhokwe ya chakudya ndi kutolera chakudya chabwino chimene chikanawonongeka, pamodzi ndi chimene anthu apereka mwa kufuna kwawo, n'kuchifikitsa kwa amene akuchisowa.

Nkhokwe yoyamba ya mtundu umenewu inatsegulidwa mu 1967 mumzinda wa Phoenix ku America. Anaiyambitsa ndi John van Hengel, yemwe ankathandiza pamalo ena ophikira anthu osauka, atazindikira kuti masitolo ankataya zakudya zoti n'kudyedwa bwinobwino. Nkhokweyo, St. Mary's Food Bank, ilipobe. Nzeruyi inafika ku Edmonton m'dziko la Canada mu 1981, ku France mu 1984, ndipo ku South Africa bungwe la FoodForward SA lakhala likugwira ntchito yomweyi kuyambira 2009. Amenewo ndi mabungwe akuluakulu okhala ndi magalimoto ndi nyumba zosungiramo katundu. Malangizo awa ndi a kagulu ka anthu ochepa kamene kali ndi chipinda chimodzi basi.

Musanawerenge zina zonse, gwirani mfundo iyi. Kuyamba sikuvuta, chifukwa tsiku loyamba aliyense amabwera ndi changu. Chovuta ndi kutsegula chitseko pa tsiku limene munalonjeza, miyezi itapita, chidwi cha anthu chitazilala. Banja limene likudalira inu limakonza sabata yake motsatira lonjezo lanulo, mwina ndalama imene ikanagula chakudya amalipira lendi kapena kugula mankhwala. Likapeza potseka, mwaliwonjezera mavuto. Choncho lonjezani zochepa zimene mungathe kukwaniritsa.

Choyamba: fufuzani kaye, musathamangire kutolera

Magulu ambiri amayamba ndi kupempha zakudya, kenako n'kumasowa kuti azipereke kwa ndani. Inu yambani ndi kufuna kudziwa amene akugona ndi njala ndiponso chimene chikuwachititsa.

Njala siifanana. Wina ntchito yamuthera mwadzidzidzi, akungofunika womuchirikiza kwa milungu ingapo. Wina ndi gogo amene akulera zidzukulu, vuto lake ndi la chaka chonse. Wina amagwira ntchito ndithu, koma malipiro amatha mwezi uli pakati. Wina alibe pokhala, moti ngakhale mum'patse nyemba zouma alibe mphika, moto kapena madzi ophikira. Anthu amenewa simungawathandize mofanana.

Amene amadziwa zimenezi ndi aphunzitsi, omwe amaona mwana akusinza m'kalasi m'mawa, azaumoyo, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, komanso ogwira ntchito zosamalira anthu. Pitani mukacheze nawo. Mukatero chezani ndi eni vutowo. Funso lakuti "kodi muli ndi njala?" silithandiza, pakuti munthu wamkulu amayankha kuti ayi pofuna kusunga ulemu wake. FAO ili ndi mafunso 8 oyezera kusowa kwa chakudya, ndipo onse amafunsa zimene zinachitikadi. Mungabwerekeko atatu: kodi panali nthawi imene munada nkhawa kuti chakudya sichikwana chifukwa chosowa ndalama? Munadumphapo chakudya cha nthawi ina? Munakhalapo tsiku lathunthu osadya? Funsaninso nthawi imene zinthu zimafika povuta, kaya ndi kumapeto kwa mwezi, kaya ndi pamene sukulu zatsekera, kaya ndi miyezi ina ya pachaka. Yankho lake ndi limene lidzakuuzeni tsiku loyenera kugawa.

Fufuzaninso ngati pali ena amene akuchita kale ntchitoyi pafupi nanu. Ngati alipo, kagwirizaneni nawo. Magulu awiri opempha kwa anthu omwewo, n'kumagawa tsiku limodzi, amangofooketsana.

Chachiwiri: pezani anthu, gawanani ntchito

Anthu asanu kapena asanu ndi awiri okhulupirika akwana poyambira. Pakhale woyang'anira zonse, wosunga katundu, wosunga ndalama, wolankhula ndi opereka thandizo, ndi wokonza ndandanda ya odzipereka. M'komitimo mukhalenso munthu amene amalandira thandizoli kapena anayamba walandirapo, chifukwa iye amaona zimene enanu simungaone.

Wosunga makiyi asakhale yemweyo wolemba m'buku la katundu. Ndalama zikhale ku akaunti ya gulu, yosainira anthu awiri, osati m'thumba kapena m'foni ya munthu. Sikuti mukukayikirana. Mukuteteza anzanu ku mphekesera, pakuti nkhani yoti "akugawana okhaokha" ikangobuka, kaya ndi yoona kaya ndi yabodza, opereka amasiya kupereka.

Lembani malamulo anu pa tsamba limodzi: mumathandiza ndani, kangati, mumalandira zotani, ndipo wodzipereka amene nayenso akusowa chakudya amalandira bwanji. Mfundo yomalizayi ambiri amaizemba, koma ndi imene imadanitsa anthu. Wodziperekayo alembetse ngati wina aliyense ndipo alandire mlingo wofanana ndi anzake.

Kenako pitani ku khonsolo kapena ku ofesi yoona za ukhondo wa zakudya mukafunse zimene malamulo a dziko lanu amafuna. Malamulowa amasiyana. Ku America kuli lamulo la 1996 loteteza opereka chakudya ndi mtima wabwino kuti asamazengedwe milandu, ndipo ku France lamulo la 2016 limaletsa masitolo akuluakulu kuwononga dala zakudya zosagulidwa zomwe zikadali zodyeka. Mukadziwa lamulo la kwanu, mudzatha kuyankha mwini sitolo amene akuopa kupereka.

Chachitatu: malo osungira

Chipinda cha pa tchalitchi, pa mzikiti, pa sukulu kapena pa holo ya m'dera chikhoza kukwana, bola chikhale chouma, chopita mphepo, chosadontha ndiponso chokhoma. Chikhale poti munthu wokalamba kapena woyenda pa njinga ya olumala angafike. Katundu asagone pansi: muikeni pa mashelefu kapena pa matabwa okwera pafupifupi masentimita 15, ndipo asakhudze khoma, kuti muzitha kusesa ndi kuona ndowe za makoswe. Sopo, mafuta a nyale ndi mankhwala ophera tizilombo zikhale kwina, kutali ndi zakudya. Ngati mulibe firiji ndi magetsi odalirika, musalandire nyama, mkaka wamadzi kapena zophikaphika. Palibe manyazi kuyamba ndi zouma zokhazokha.

Chachinayi: chakudya chichokera kuti

Kutolera kwa tsiku limodzi, kwa phokoso ndi zikwangwani, kumadzaza chipinda kamodzi kenako n'kutha. Chimene chimasunga nkhokwe ndi opereka okhazikika, ngakhale azipereka zochepa. Pitani kwa eni masitolo, ophika buledi, ogulitsa pamsika, alimi, makampani opanga zakudya ndi masukulu. Musangonena kuti "tithandizeni". Nenani kuti mudzabwera tsiku lakuti, nthawi yakuti, ndi makatoni anu, kudzatenga zimene sizinagulidwe, ndipo mudzasiya risiti. Mwini sitolo amafuna kuti katunduyo achoke popanda kum'tayitsa nthawi. Mukalephera kufika kawiri, abwerera ku zotaya.

Kwa anthu wamba, tulutsani mndandanda wa zimene mukufuna, ndipo muziusintha malinga ndi zimene zatha. Mukapanda kutero mudzalandira zimene anthu atopa nazo m'makabati mwawo. Zofunika kwambiri ndi zakudya zokhutitsa monga ufa ndi mpunga, zomanga thupi monga nyemba ndi nsomba zam'chitini, mafuta ophikira, mchere wokhala ndi ayodini, ndi masamba kapena zipatso zam'chitini. Onjezerani sopo ndi mapadi amene akazi amavala pa nthawi ya msambo, chifukwa banja limene likusowa chakudya limakhala litasiya kale kugula zimenezi.

Ine ndimaona kuti ndalama zimathandiza kuposa zitini, ngakhale kuti opereka ambiri amakonda kubweretsa chinthu chogwirika. Ndi ndalama mumagula zambiri pamtengo wopikulitsa, mumagula chimene chikusowacho, komanso mumalipirira mayendedwe, omwe palibe amene amawakumbukira. Auzeni anthu zimenezi mosabisa, ndipo muziwaonetsa mmene ndalamazo zayendera.

Phunziraninso kukana. Wina adzabwera ndi katundu woola pofuna kuyeretsa m'sitolo mwake. Wina adzafuna kuti dzina la chipani chake lilembedwe pa matumba. Onsewa akanizeni mwaulemu.

Chachisanu: kulandira ndi kusanja

Apa ndi pofunika kufatsa, chifukwa amene mukuwathandiza ambiri ndi ana, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala, anthu amene chakudya chowonongeka chingawagwetse msanga. Lamulo losavuta ndi ili: chimene simungapatse mwana wanu, musapatse mwana wa mnzanu.

Katundu aliyense akafika, muyezeni pa sikelo, lembani m'buku tsiku, wopereka ndi kulemera kwake, kenako muunikeni mmodzimmodzi asanakwere pa shelefu.

Yang'anani masiku olembedwa pa paketi. Pa mapaketi olembedwa m'Chingerezi mupeza mawu a mitundu iwiri. "Use by" ndi tsiku la chitetezo, limapezeka pa zinthu zosachedwa kuwonongeka monga nyama ndi mkaka, ndipo likadutsa chinthucho chitayidwe ngakhale chikuoneka bwino. "Best before" ndi tsiku la kakomedwe: mpunga, ufa kapena zam'chitini zosungidwa bwino zimadyekabe tsikulo litadutsa, ngakhale kukoma kungachepeko. Komabe tsatirani zimene akuluakulu a zaumoyo kwanu amalola, ndipo muziwauza olandira kuti asamaone ngati mukuwapatsa zotaya. Lembani mwezi ndi chaka ndi cholembera chachikulu pamwamba pa chitini, n'kuika kutsogolo zimene masiku ake atha msanga. Zimenezo ndizo zoyamba kutuluka, posatengera kuti zinafika liti.

Chitini chotupa, chodontha, cha dzimbiri lolowa mkati, kapena chophwanyika pamsoko, chitayeni osalawa n'komwe. M'chitini chotere mukhoza kukhala poizoni wa kachilombo ka Clostridium botulinum, amene amapha ngakhale atakhala wochepa kwambiri. Kupindika pang'ono pambali, kutali ndi msoko, sikudetsa nkhawa. Paketi yong'ambika, botolo lotsegulidwa kale, ndi chilichonse chopanda chizindikiro chonena zimene zili mkati, musagawe.

Mbewu zouma muzizinunkhiza ndi kuzigwira. Zachinyezi, zachuku kapena zosintha mtundu musalandire. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale chakudyacho chiphikidwe. Thumba la anankafumbwe lisalowe m'chipinda momwe muli matumba abwino.

Ngati mumalandira zophika kapena zozizira, tsatirani malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse: zozizira zikhale pansi pa madigiri 5, zotentha zikhale pamwamba pa madigiri 60, ndipo chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Zaziwisi ndi zophika zisakhudzane. Pakhomo pakhale madzi ndi sopo, ndipo wodzipereka amene akutsegula m'mimba kapena kusanza akhale kunyumba mpaka atachira. Masamba, zipatso ndi buledi zigawidwe tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Mukamagawa thumba lalikulu m'timapepala ting'onoting'ono, lembani pa kalikonse dzina la chakudyacho ndi tsiku lake. Pali anthu amene zakudya zina, monga mtedza kapena tirigu, zimawawenga koopsa.

Chachisanu ndi chimodzi: ndani alandire, ndipo alandire motani

Pali njira ziwiri zodziwika. Ina ndi yoti munthu abwere ndi kalata yochokera kwa dokotala, mphunzitsi kapena wogwira ntchito zosamalira anthu. Bungwe la Trussell Trust ku Britain, limene linatsegula nkhokwe yake yoyamba ku Salisbury mu 2000, limagwiritsa ntchito njira imeneyi ndipo limapereka chakudya cha masiku atatu. Ubwino wake ndi woti munthuyo amakhala atakumana kale ndi wina amene angamuthandize pa gwero la vuto lake. Kuipa kwake ndi koti amene sadziwa kolowera, kapena akuopa maofesi, amatsala. Njira ina ndi yoti aliyense wobwera alandire. Kwa gulu laling'ono ndimalimbikitsa kuphatikiza: wobwera koyamba asabwezedwe chimanjamanja, alandire kaye, zolembetsa zibwere pambuyo.

Mudzamva ena akudandaula kuti anthu achinyengo adzalowerera. Mmodzi kapena awiri angapezeke. Koma kuopa iwowo kusakuchititseni kufunsa anthu onse mafunso ngati ali pa mlandu. Amene amakhala kunyumba ndi njala chifukwa cha manyazi ndi amene ayenera kukudetsani nkhawa. Lembani zofunika zokha: dzina, kuchuluka kwa anthu pakhomo, misinkhu ya ana, zakudya zimene sadya, ndiponso ngati ali ndi pophikira. Bukulo likhale lokhomeredwa, ndipo nkhani za anthu zisatuluke pakamwa pa odzipereka.

Pa tsiku logawa, ulemu ukhale patsogolo. Mzere wautali wa pamsewu, pomwe odutsa akuona, umathamangitsa anthu ambiri, choncho perekani nthawi zosiyana kapena manambala, ndipo pakhale pokhala. Amene amagwira ntchito masana apatseni mpata wa madzulo. Odwala ndi okalamba amene sangayende muziwapititsira, odzipereka akhale awiriawiri. Munthu asakakamizidwe kupemphera, kumvera ulaliki kapena kulonjeza voti kuti alandire. Musajambule nkhope za anthu n'kuziika pa Facebook. Munthu wanjala akavomera kujambulidwa pamene mwanyamula thumba lake m'manja, kuvomerako si kwa mtima wonse. Ngati opereka akufuna umboni, jambulani mashelefu ndi makatoni.

Ngati malo alola, asiyeni anthu asankhe okha pa shelefu, mutangoika malire a kuchuluka kwa mtundu uliwonse. Mayi amadziwa zimene ana ake amadya, wodwala shuga amadziwa zimene ayenera kupewa, ndipo ena chipembedzo chawo chimaletsa zakudya zina. Kusankha kumachepetsa zotayika ndipo kumamusiya munthu ali ndi mphamvu pa chakudya cha banja lake.

Mlingo utsatire kukula kwa banja. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 2,100 pa munthu pa tsiku. Mwina simungafikepo, koma chiwerengerochi chikuthandizani kunena zoona: ngati phukusi lanu ndi la masiku atatu, nenani kuti ndi la masiku atatu, kuti banjalo lidziwe pokonzekera.

Olandira amene akufuna kuthandiza nawo ntchito, aloleni. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo wolandira lero ndi amene mawa adzanyamule makatoni kapena kubweretsa zokolola zake. Koma kugwira ntchito kusakhale malipiro a chakudya.

Zimene nkhokwe singathe

Mwana wonyentchera kwambiri safunika phukusi lanu lokha, akufunika chipatala. Mukaona mwana wowonda kwambiri, wofooka, wosafuna kudya, kapena wotupa mapazi onse awiri, muperekezeni kwa azaumoyo tsiku lomwelo. Iwo amayeza mkono ndi kalamba kapadera, ndipo kwa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5, mkono wosakwana masentimita 11.5 kuzungulira kwake umasonyeza kunyentchera koopsa. Ndi bwino kuti mmodzi wa inu aphunzitsidwe kayezedwe kameneka.

Mkaka wa m'chitini wa makanda musamangougawa kwa aliyense. Ukasungunulidwa ndi madzi osatetezeka, kapena ukachulukitsidwa madzi kuti ukhalitse, umadwalitsa mwana, ndiponso mayi akasiya kuyamwitsa mkaka wa m'mawere umachepa. Kuyambira 1981 WHO ili ndi malamulo oletsa kutsatsa mkaka wotere mwachisawawa. Khanda limene likufunikadi mkakawu lithandizidwe kudzera kwa azaumoyo. Mayi woyamwitsa mum'patse chakudya chowonjezera iye mwini.

Chachisanu ndi chiwiri: mabuku, odzipereka ndi masiku osowa

Kumapeto kwa mwezi uliwonse anthu awiri awerenge katundu yense n'kuyerekeza ndi zimene zili m'buku. Lembani makilogalamu amene alowa, amene atuluka, amene atayidwa, mabanja amene athandizidwa ndi ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito, n'kumata pepalalo poonekera. Opereka atumizireni pepala lomwelo pamodzi ndi mawu othokoza.

Odzipereka amatopa, makamaka amene sadziwa kukana. Konzani ndandanda yosinthana, ntchito iliyonse ikhale ndi anthu awiri oidziwa, ndipo wina akapempha kupuma musam'dandaulire. Kumva mavuto a anthu sabata ndi sabata kumalemetsa mtima, choncho mukamaliza kugawa muzikhala pansi pang'ono n'kukambirana mmene tsiku layendera.

Masiku osowa adzafika. Sungani padera chakudya chouma chokwana kugawa kamodzi kapena kawiri, ndipo gwirizananitu zimene mudzachite katundu akachepa: kuchepetsa mlingo wa onse mofanana, kapena kuyamba ndi mabanja a ana aang'ono, oyembekezera ndi odwala. Zimenezi zigamulidwe mitima ili m'malo, osati anthu ataima kale pakhomo. Olandira auzeni msanga.

Banja likamabwera miyezi yotsatizana, khalani nalo pansi mofatsa mumve chimene chikulepheretsa. Mwina pali thandizo la boma limene likuyenera kulandira koma silidziwa polembetsera, mwina ndi ngongole ya katapila, mwina ndi matenda amene sanaonedwe ndi dokotala. Khalani ndi mndandanda wa maofesi ndi mabungwe amene amathandiza pa zimenezi, ndipo ngati n'kotheka aitaneni azibwera pa tsiku logawa. Kumene kuli malo ndi madzi, dimba la gulu kapena kugula zinthu pamodzi pamtengo wotsika kumachepetsa chiwerengero cha odalira phukusi.

Ziwerengero za m'buku lanu muzipita nazo ku misonkhano ya khonsolo ndi kwa aphungu, mayina mutachotsa. Onetsani mabanja angati anabwera mwezi uliwonse, angati mwa iwo ali ndi munthu wapantchito, ana ndi angati, ndi miyezi iti imene anthu amachuluka, ndiponso zifukwa zitatu zimene zimatchulidwa kawirikawiri. Pemphani chinthu chimodzi chodziwika pa msonkhano uliwonse, kaya ndi chakudya cha ana kusukulu, kaya ndi kufulumizitsa malipiro a thandizo la boma, kaya ndi galimoto yonyamulira katundu kamodzi pa sabata, ndipo lembani dzina la ofesi imene yavomera kuyankha ndi tsiku limene mudzabwerenso kudzafunsa.